Chimbale cha maliro chitakana ku Amereka

Lolemba masana ndikuanula chinangwa, foni inalira. Anali Yohane, mwana wanga woyamba, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Amereka. Sanandipatse ndi moni womwe.

"Amayi, chimbale chija chafika. Koma chikukana."

"Chikukana bwanji?"

"Ndaika kasanu. Kanema akungoda bii. Mawu palibe, chithunzi palibe."

Kwa inu amene simunamve, bambo a Yohane tinawaika m'manda miyezi inayi yapitayo kuno ku Mbamba Bay. Yohane sanabwere. Mapepala ake sanatuluke, ndipo akanachoka kumeneko sakanaloledwa kubwereranso. Ndiye tinaitana fundi wa kanema kuti ajambule zonse, kunyumba, kutchalitchi mpaka kumanda. Anaziika pa chimbale cha bulureyi, chija chimaonetsa ndi ulusi wa malaya womwe. Ena ankati tingotumiza pa foni. Ndinakana. Maliro a mwamuna wanga asamayende m'mafoni a anthu ngati mpira.

Alamu anga a Esinati, mlongo wawo wa malemu, anali pakhonde ndipo anamva zonse. Anagwira pakamwa.

"Ndinanena ine! Achimwene akukana. Mwana wosaponya dothi m'manda a bambo ake awaone bwanji? Kuno chinaonetsa bwinobwino, tonse tinaona. Changofika kwa iyeyo, chada. Mukufunanso umboni wanji, alamu?"

Foni inali isanaduke. Yohane anamva. Kenako anati, "Amayi, mwina azakhali akunena zoona." Nadula.

Ndani mwa inu sanamvepo mawu otere? Injini ya boti ikazima pakati pa madzi, timati agogo akwiya. Foni ikafa pa tsiku la ukwati, timayang'ana kumanda. Alamu anga sindikuwanyoza, mchimwene wawo ankamukonda. Koma mawu aja anagwera mwana amene ali yekha kutali, amene wakhala akudziimba mlandu kuyambira tsiku la maliro. Akanawakhulupirira, akanayenda nawo moyo wake wonse.

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 4. Koma bambo a Yohane anali ndi banda la kanema, kanyumba koonetseramo mafilimu, pafupi ndi msika kwa zaka zambiri, ndipo wopukuta zimbale ndinali ine. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kutembenuza kabokosi ka chimbale. Kumbuyo kumakhala kachilembo, A, B kapena C. Eni mafilimu anagawa dziko lapansi patatu ngati munda wa mitala. A ndi ku Amereka. B ndife a mu Afrika pamodzi ndi Ulaya. C ndi ku China, ku India ndi kwina kumeneko. Deki, makina oikamo chimbale aja, nayonso imabadwa ndi chilembo chake. Ya B ukaipatsa chimbale cha A imachilavula. Malemu ankaseka n'kumati, "Mayi a Yohane, deki iyi imafunsa pasipoti kuposa a pachipata."

Lachiwiri m'mawa ndinavala chitenje changa chakuda n'kupita kwa fundi uja.

"Fundi, chimbale changa munachiika chilembo chanji?"

Anaseka. "Mama, cha msiba, cha maliro chotere, sitiika chilembo. Zilembo ndi za mafilimu a m'sitolo. Chanucho chimaonetsa paliponse. Mwana wanu wangolakwitsa mawaya."

"Nanga munajambula pa hamsini kapena pa sitini?"

Kuseka kunatha. Anaimirira n'kundipatsa mpando wake.

Ichi ndi chachiwiri chimene malemu anandiphunzitsa. Chithunzi cha kanema wa kuno chimayenda pa hamsini, makumi asanu, potsata magetsi athu. Cha ku Amereka chimayenda pa sitini, makumi asanu ndi limodzi. Madeki ambiri a kuno amadya zonse ziwiri. Ambiri a kumeneko amadya sitini yokha. Ukawapatsa hamsini amangoda, ngakhale chimbale chilibe chilembo.

Fundi anayang'ana pa kompyuta yake. "Hamsini, mama. Pepani. Sindinafunse kuti chikupita kuti."

"Inenso sindinanene," ndinatero.

Ndiloleni ndinyade pang'ono, abale anga. Chimwalirire mwamuna wanga ndakhala ndikuyenda moweramira pansi. Tsiku limenelo ndinadutsa pamsika mutu uli m'mwamba. Anthu akamaona mayi wamasiye wosaphunzira amaganiza kuti m'mutu mwake mwangotsala nyimbo za maliro. Sadziwa kuti ntchito imene unaigwira ndi manja ako siichoka, ngakhale amene unkagwira naye atachoka.

Ndinyadirenso kwathu kuno. Taonani mmene timakhalira. Katundu wina amabwera pa boti kuchokera ku Malawi, wina pa basi kuchokera ku Dar. Kumsika timayankhula Chiswahili, kunyumba Chichewa, ndipo wa ku Lipingo akabwera ndi chiyankhulo chake timamvana. Sitifunsa munthu chilembo chake tisanamupatse madzi. Madeki athunso ndi otero pa nkhani ya hamsini ndi sitini. Osankha ndi a kumene kuli chuma. Nanga bwanji chinthu chikakana timafulumira kuganiza kuti olakwa ndife, kapena akufa athu? Amene anaika malire amenewa m'makina anatifunsa? Analembapo chilichonse m'chiyankhulo chimene mayi ngati ine angawerenge?

Nditafika kunyumba ndinadikira kuti kumeneko kuche, ndipo ndinamuimbira Yohane.

"Tamvera, mwana wanga. Akukana si bambo ako. Ikukana ndi deki yako. Kutchalitchi kwanuko kulibe anthu ochokera kuno ku Afrika? Funsa amene amaonera zimbale za kwawo. Ali ndi deki yodya hamsini. Ukabwereke."

"Amayi, inu zimenezi mukuzidziwa bwanji?"

"Ukufuna kuona bambo ako kapena satifiketi yanga?"

Anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chichitikire maliro.

Loweruka anaimbanso. Deki anabwereka kwa mayi wina wa ku Kenya.

"Amayi, ndaona. Ndaona zonse. Munawaveka jekete lija ndinatumiza chaka chatha."

"Anasankha okha," ndinamuuza. "Ali m'chipatala anati, mudzandiveke la Yohane."

Zimene tinachita pambuyo pake pa foniyo si za m'nyuzi.

Inu amene muli ndi ana kunja, mukamatumiza chimbale cha ukwati kapena cha maliro, muuzeni fundi dziko limene chikupita. Akhoza kuchikonzera kumeneko chisananyamuke. Ndipo inu amene mumadziwa msanga zimene akufa akuganiza, mumayamba mwayang'ana kuti akumva ndani?

Kwa alamu ndinapita ndekha kukawauza. Ndinawapeza akusankha mpunga. Sanapepese, ndipo sindinapitire zimenezo. Anamva nkhani yonse osadzutsa mutu. Kenako anafunsa, "Analira?"

"Analira."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Ndiye kuti wafika pamaliro," anatero. "Mundiimbire, ndimupepese mwana wa achimwene."