Maginito a Che Sumani ndi Mphete ya Mayi Zelesi

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba. Ine ndine mphunzitsi wa fizikisi chabe, sindinalembepo nkhani, ndipo iyi ndaikonza kanayi. Maina a banja lomwe lili m'nkhaniyi ndasintha, chifukwa chake muchiona.

Che Sumani ali ndi chigayo cha mpunga kuno ku Bwanje. Sukulu analekera Sitandade 6. Anayamba ndi kukonza mawailesi, kenako analowa kabaza, mpaka tsiku lina mabuleki anaduka pamtsetse. Njinga inaima pachitsa, iwo n'kupitiriza ulendo okha. M'kalasi timati chinthu choyenda chimapitirirabe mpaka china chitachiimitsa. Iwo amangoti ndi tsiku lomwe anasiya kabaza.

Pa ntchito ya mawailesi anatsala ndi maginito aakulu a m'sipika, omwe amamangirira pakamwa pa chigayo. Anthu amayanika mpunga m'mbali mwa msewu, ndiye umabwera ndi misomali ndi mawaya zoboola sefa. Maginitowo amagwira zonse. Lachisanu, asanatseke kuti apite ku mzikiti, amawapala n'kutayira zitsulozo m'chitini.

Loweruka lina ndili pamzere, Mayi Zelesi anakuwa. Mphete yawo ya ukwati inali itavukira m'thumba la mpunga. Amuna awo, a Goliati, anabwera nayo kuchokera ku Joni zaka khumi zapitazo, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti ndi yagolide.

"Musalire mayi, tilowetsamo maginito," anatero Che Sumani.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ndinayankhula mokweza ngati ndili m'kalasi: "Mungotaya nthawi. Maginito sakoka golide. Amakoka chitsulo."

"Mwawamva aphunzitsi?" anatero mayiwo monyadira. "Yangayi ndi golide weniweni. Si choncho, bambo a Edna?"

A Goliati anavomera ndi mutu, maso ali kukhomo.

Che Sumani analowetsabe maginito aja pachingwe, n'kuvundula. Atatulutsa, panali misomali iwiri, chitsekero cha botolo, ndi mphete, itakakamira ngati nkhupakupa.

Mayi Zelesi anayang'ana mphete, amuna awo, kenako ine.

"Aphunzitsi, tabwerezani zija munanena."

A Goliati anali atavula chipewa ngati ali pamaliro.

"Aaa mayi, aphunzitsi akunena timaginito ta kusukulu, toopa mayeso," anatero Che Sumani. "Angawa anakulira m'sipika ya kumaukwati. Mphete amaidziwa ili patali. Si choncho aphunzitsi?" Uku akundiponda chala.

"Kafukufuku akupitirira," ndinayankha chapansipansi.

Anthu anaseka, mayiwo anavala mphete yawo. Kaya anakhulupirira, sindikudziwa, koma thumba anasenza ndi a Goliati mpaka kunyumba, njinga yomwe anabwera nayo akukankha mayi. Banja lilipobe.

Ndiyenera kukonza chinthu chimodzi, poopa kuti ophunzira anga angawerenge: maginito, kaya a m'sipika kaya a kusukulu, sakoka golide. Pamayeso mulembe choncho.

Koma ine ndatsimikiza mtima. Kuchigayo ndizipita ndi thumba langa, kupereka moni n'kukhala chete. Fizikisi ndiziyankha ndikafunsidwa, ndipo ndiziyamba ndaona ngati amuna a wofunsayo ali pomwepo.