Kachotupa ka Pansi pa Lamba wa Dengu

Ife otchola tiyi tili ndi matenda athuathu: msana, mapewa, ndi timatupa ta lamba wa dengu. Dengu likadzaza, lamba uja amakufinya kuyambira paphewa mpaka m'khwapa. Ndiye tsiku limene ndinapeza kachotupa m'bere lakumanzere ndikusamba, sindinadabwe kwenikweni. Kanali kolimba, kosapweteka.

Ndinauza alamu anga, akazi a achimwene, amene tinkatchola nawo mzere umodzi ku esiteti. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Iwe, ndi lamba ameneyo! Tonse tili nato. Kathowe ndi madzi otentha basi, usatitayitse nthawi."

Ndinathowa dzinja lonse. Kachotupa kali pompo, osasuntha.

Tsiku lina ndinapita ndi mwana wanga wamng'ono kusikelo ku Chitakale. Asanayambe kuyeza ana, anesi anatulutsa bere losoka ndi nsalu, lodzaza thonje. Amayi tonse kuseka, ena kubisa nkhope m'zitenje. Anati aliyense alipapase mozungulira mpaka apeze chimene chabisika m'katimo. Litafika kwa ine, ndinangokanikiza kamodzi. Mayo ine! Chala changa chinali chikukadziwa kale. Munali njere ya nandolo, yolimba chimodzimodzi ndi kanga kaja.

"Si chotupa chilichonse chimene chili khansa," anatero anesi, "koma musadikire kuti chipweteke. Bwerani tikuoneni."

Ndinachita mantha, sindinama. Ndinayang'ana mwana ali pamiyendo panga akutafuna ngodya ya chitenje, n'kudzifunsa kuti ameneyu adzamulera ndani. Ndipo mtima unandipsera alamu ndi kuseka kwawo kuja.

Kuchipatala cha paboma anandipapasa, kenaka ananditumiza ku Blantyre, kumene anatengako kanyama kuti akakayeze. Masabata odikira aja ndinkatchola tiyi ngati wogona, kapitawo kundikalipira ine osamva. Yankho litabwera, adokotala anati ndi khansa ndithu, koma idakali yaing'ono, ndipite akaichotse.

Ndikulongedza zovala za ulendowo, alamu anatulukira. Ndinkati ndiwalalatire, mawu ndinali nditawakonza kale. Koma tsiku limenelo sanabwere ndi nthabwala. Anatseka chitseko, n'kukhala pamphasa.

"Mlamu, ndibwereke dzanja."

Analitenga n'kulilowetsa m'bulauzi mwawo, kumanzere komweko. Abale inu! Sichinali nandolo ayi. Chinali ngati phanthi la mango, ndipo khungu pamwamba pake linali litakhakhala.

"Nanga ichi si lamba?" anafunsa chapansipansi, maso ali pa ine.

"Chinayamba liti, alamu?"

"Ndikuyamwitsa mtsikana wanga uja."

Panja, mtsikanayo anali atangoweruka kusukulu, akuitana mayi ake kuti amupatse kiyi wa kunyumba.