Mwana Wosalira Ndiye Woyamba

Dokotala Kenan Mwalwimba anali munthu wovuta. Ndikunena ine amene ndinaphunzira unamwino m'manja mwawo, pa kachipatala kena ka mishoni kumpoto kwa Karonga. Nsapato sankamanga zingwe, ndipo ife ophunzira ankatitcha "akupha a mawa". Koma makanda ankawakonda, mwina chifukwa cha ndevu zomwe ankazikoka mwaulere.

Phunziro lawo lalikulu linali limodzi: pamzere wa ana, yamba ndi amene sakulira. Osafunsa kuti bambo ake ndani, kapena ngati mayi ake ali ndi khadi la chipani. Tinkalimva m'mawa ndi masana mpaka makutu kuwawa.

Tsiku lina mu 1976 kunabwera a Manase, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, baji ili ng'aning'ani pachifuwa. Mwana wawo anali atalowetsa nyemba m'mphuno, akukuwa ngati mbuzi yopita kumsika. Kumapeto kwa benchi kunakhala Lettie wa ku Iponga, khanda lili kumsana. Linali litatsegula m'mimba, maso atalowa, osalira n'komwe.

Adokotala anawadutsa atcheyamani ngati chitsa, n'kukamasula khandalo.

"Kasi inu mukundidziwa ine?" anafunsa a Manase.

"Kwambiri, adada. Chaka chatha ndinakubayani jakisoni kuthako. Lindani pachoko," anayankha adokotala, kuwauza kuti adikire pang'ono. Kenako anatembenukira kwa ife. "Mwaona? Wokuwa ali bwino. Wodwala ndi amene ali zii."

Benchi yonse inayang'ana pansi. Masiku amenewo ngakhale khoma linali ndi makutu, ndipo tinali titaona anthu akupita chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. Khandalo adokotala analiika diripi. Nyemba ija anaichotsa pambuyo pake, n'kuwapatsa a Manase kuti akadzale.

Kutacha kunafika Landirova ya apolisi.

"Akuti mwanena kuti dziko lathu la bata ndi mtendere likudwala," anatero wamkulu wawo.

"Ine ndimanena za ana, bwana. Za dzikozo mwanena ndinu."

Mlomo umenewo! Ndinkawakonda bambo aja, koma tsiku limenelo ndinalakalaka nditawamata pulasitala pakamwa. Anapempha kuti aone kaye khanda lija, apolisi anakana. Adokotala anakwera galimoto. Anakakhala m'ndende zaka zingapo popanda mlandu, ndipo atatuluka anayambira pomwe analekezera, kutukwana ophunzira atsopano.

Koma chimene sindiiwala ndi cha m'mawa uja. Injini itangolira, m'wodi munamveka kulira kwina, kosasa mawu koma kwaukali. Linali khanda la Lettie, likufuna bere.

Adokotala anasuzumira pawaya wa galimotoyo, ndevu zili panja, misozi ili mbwembwembwe.

"Yunike!" anandikuwira. "Ameneyo wayamba mwano. Kamuike kumapeto kwa mzere!"