Katemera wa a Alefa

A Alefa anabwera mu Blantyre kuchokera ku Nsanje chaka cha riferendamu, ali ndi pathupi pa Tionge. Moyo wawo wonse anautsirizira pa beseni, kuchapira mabanja a ku Kanjedza mpaka zala zinakhakhala ngati chitsononkho. Chipatala ankachiopa koopsa. Mwana wawo woyamba analowa kumeneko akupuma, n'kutuluka atakulungidwa m'chitenje. N'chifukwa chake Tionge sanapondeko kusikelo. Akatentha thupi, a Alefa ankagula lezala latsopano, kumutema mphini, n'kupakamo mankhwala akuda a kwawo. Mwana anakula, sukulu anafika nayo Fomu 3.

Tionge anakwatiwa ndi Trevor, amene mwayi unamugwera wopita ku Amereka. Mapepala oti Tionge ndi khanda lawo, Yamikani, amulondole anayenda bwino. Kunangotsala kukapimidwa kwa dokotala m'tauni.

"Popanda katemera wokwanira viza kulibe, wamva?" anatero Trevor pafoni.

Tionge anamva. Yamikani sanaphonyepo sikelo. Vuto linali iye mwini.

Tsiku lokapimidwa a Alefa anamuperekeza kuti azibereka mwana. Anavala chilundu chawo cha kutchalitchi, nsapato atazipukuta ndi mafuta odzola. Pabenchi panali azibambo a mataye ndi azimayi onunkhira, aliyense atafumbata envulopu. Nesi anaona buku la kusikelo la Yamikani, nagwedeza mutu mokhutira.

"Nanga inu mayi a mwana, munatemeredwa muli aang'ono?"

Tionge asanatsegule pakamwa, a Alefa anali ataimirira kale.

"Eee, anesi, ameneyu ndinamutemera ndekha! Wa chifuwa, wa mutu, wa maso oipa, palibe ndinasiya. Iwe, aonetse."

Anakoka kolala ya bulauzi ya Tionge, mphini zonse za pakhosi n'kukhala poyera.

Benchi yonse inaphulika. Bambo wina wa taye yofiira anachita kupukuta misozi. "Katemera wa ku chigwa ameneyo, mayi! Ku Amereka akamulandira ndi manja awiri."

A Alefa anaseka nawo, poyesa kuti akuwayamikira.

Nesi anafunsa m'Chingerezi kuti mayiwa ndi ndani. Tionge anayang'ana pansi. Anaona viza ikuthawa, anaona Yamikani akukula bambo wake akumuonera pafoni. Anayankha m'Chingerezi momwemo, motsitsa mawu, kuti ndi wantchito wolera mwana.

Chingerezi a Alefa sankachidziwa. Koma liwu limodzi limenelo, lotchulira wantchito, analimva zaka zonse m'makhitchini a ku Kanjedza. Anasiya kolala ija, nakhala pansi, manja pamiyendo.

"Wantchito woyamba kukutemani muli khanda, ndiye wokhulupirikatu," anatero nesi, osaseka. "Zoopa apa palibe, chemwali. Amabwera ambiri otero. Tikubayani lero, wina mudzabwerere. Pindani malaya."

Basi, nkhani yake inali yomweyo. Jekeseni kumanja, jekeseni kumanzere, viza ili m'njira. Bodza lija silinagule kanthu.

Anatuluka mikono ikulemera. Pa siteji ya minibasi za ku Nkolokosa, woitanira anali kukuwa kuti kwatsala malo a awiri.

"Amayi," anatero Tionge.

"Bweretsani chikwamacho, adona, mikono ikupwetekani," anayankha a Alefa. "Kwerani kutsogolo. Ife tikhala kumbuyo ndi mwana."

Chibadwire, mayi ake anali asanamutchulepo kuti inu.

Kunyumba a Alefa anafunditsa madzi, nanyika kansalu, n'kumuthowa pobayidwa paja mofatsa ngati kale. Chala chawo chokhakhala chinadutsa pa mphini za pakhosi, chinaima pang'ono, kenaka anakweza kolala n'kuziphimba.

"Kumeneko muzikavala za khosi lalitali," anatero. "Angakakusekeninso."