Matisheti a pa chiliza cha achimwene

Achimwene, chaka chakwana chichokereni inu, ndipo kumudzi tayambana chifukwa cha matisheti odzavala pa chiliza chanu. Azakhali asankha a nayiloni onyezimira aja. Ine ndakana. Akuti ndimadandaula zilizonse, sukulu inandiwononga mutu. Anene.

Ndikukumbuka tsiku lina la msika pa Milepa, mutatseka shopu yanu yowotcherera, tili pa kaunjika. Ndinatola tisheti yosalala, inu n'kundilanda. Munaikoka khosi, munaiunika padzuwa, kenako munasolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Kanasungunuka ngati pulasitiki. "Waona, iwe wa ku koleji? Moto ukathethekera apa, imamatirira pakhungu. Ya thonje imangobooka pang'ono, ntchito n'kumapitirira." Wogulitsa anakalipa, inu mukungoseka.

Anzanu owotcherera ndimawadziwa, mwambo ukadzatha adzavala matishetiwa kuntchito. Poganiza zimenezi mtima sukhala m'malo. Ndiye ndafunafuna ku Limbe mpaka ndapeza a thonje okhuthala, ndipo imodzi ndaichapa kale kuti ndione ngati khosi likutamuka. Silikutamuka. Azakhali akwiye mpaka Khirisimasi, koma palibe amene adzapse atavala nkhope yanu pachifuwa.