Mfuti ya Mlombwa

Bambo anga anali ndi mfuti yomwe sinalirepo chiyambire. Anaisema okha ku mtengo wa mlombwa ine ndisanabadwe, papulazi ya fodya ndi chimanga pomwe anagwira ulonda moyo wawo wonse. Mzungu wa papulazipo sakanapatsa munthu wa kukomboni mfuti yeniyeni, koma anyani a m'phiri sankadziwa zimenezo. Nyani saopa khasu, saopanso mayi wosenza nkhuni. Akangoona chinthu chachitali paphewa pa mwamuna, amataya chimanga n'kuliyatsa liwiro. Choncho bambo anaipaka polishi wa nsapato mpaka kuda bii, n'kuimangirira lamba wa chikopa, ndipo ntchito inkayenda.

Ndikatsinzina ndimawaonabe. M'mawa nkhungu itakuta munda, iwo akuyenda m'mphepete mwa chimanga, miyendo yosaoneka, jasi ndi mfuti zokha zikuyandama pamwamba pa nkhunguyo. Ine ndili kamtsikana, ndakhala pachulu ndi botolo la tiyi lokulunga m'nsalu. Akandiona ankakweza mfuti m'mwamba n'kufuula, "Mwana wanga, wadzera kuti mame onsewa?" Dzuwa likakwera ankapita kwa kapitawo, n'kugunditsa zidendene, n'kupereka lipoti la anyani omwe abwera ndi omwe athawa. Mlonda akamachotsedwa ntchito ankayamba walandidwa chida chake, kenako nyumba. Mwana aliyense wa kukomboni ankadziwa zimenezo.

Pulazi italandidwa kwa mzungu uja tinabalalika. Mayi anali atatisiya kale, ndipo ku Malawi, komwe bambo anachoka ali mnyamata, kunalibenso wowadziwa. Ndinawatengera kutawuni, ku Glen View, m'kachipinda komwe ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya eni, ine ndikugulitsa tomato pafupi ndi pomwe akalipentala amakhomera masofa panja. Katundu wawo yense anali bulangete, jasi ndi mfuti ija. Ndinawauza kuti aitaye, kuno kulibe anyani. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ataye mkono.

Mutu wawo unayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Chaka chomwe m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, ndinalima kamunda kudambo monga ankachitira aliyense, ndipo bambo anadzilemba okha ntchito yokalondera. M'mawa uliwonse ankadutsa pakati pa masofa osamalizidwa, jasi pathupi, mfuti paphewa, akuyenda mwaulemu wake. Akalipentala ankasiya nyundo n'kuwafunsa m'chinenero cha kuno kuti agogo aona anyani angati lero: "Sekuru, makudo mangani nhasi?"

"Anyani anayi," iwo ankayankha osaseka. "Wamkulu wawo wavala kabudula wofiira."

Anthu ankafa nako kuseka. Koma paja amati wamisala anaona nkhondo: minda ya anzanga inkathyoledwa dzuwa likuswa mtengo, wanga wokha uli chiimire.

Masiku ena tomato akasowa ndinkawatsatira. Njala imapepukitsa mutu, ndipo pena ndinkaona zomwe iwo ankaona. Madenga a nyumba ankasanduka phiri, utsi wa zinyalala nkhungu, phokoso la macheka kulira kwa nyenje. Tinkakhala pamzere wa chimanga, iwo akuyang'anira phiri lawo, ine ndikuwodzera paphewa pawo. Ankandisisita mutu n'kunena, "Gona, mwana wanga, ndilipo." Ndinali mayi wamkulu ndithu, koma ndinkagona.

Chisankho chitayandikira panatuluka lamulo. Analengeza pawayilesi, n'kumata mapepala pamashopu: munthu asayende pagulu ndi nkhwangwa, chikwanje, chibonga, mpeni, ngakhale legeni. Za mfuti osachita kunena. Ine ndinaseka chifukwa cha mkwiyo. M'misewu munkadutsa malole odzaza anthu onyamula mfuti zenizeni, zija zokhala ndi chopindika ngati nthochi kunsi kwake, ndiye woopsa akhale mayi wopita kukatema nkhuni? Ndinatukwana pamsika mpaka mnzanga wa masamba ananditsina kuti ndikhale chete. Za bambo sindinaziganize n'komwe, chifukwa kwa ine chinthu chija chinali mtengo basi.

Tsiku lina masana ndinawapeza pageti ndi wapolisi wachikulire, wa imvi m'ndevu, atawagwira dzanja bwinobwino. Mfuti inali m'manja mwa wapolisiyo.

"Amai, sekuru ava ndevenyu here?" anandifunsa.

Ndinavomera kuti ndi bambo anga, n'kuyamba kulalata kuti ndi mlombwa chabe, aunuse ngati akufuna. Anandilola ndimalize. Kenako anasinthira ku Chichewa chothyokathyoka, chomwe anati anaphunzira kwa agogo ake.

"Ine ndaona chifukwa ndabwera pafupi. Ena sabwera pafupi, amai. Ali kutali, mtengo na chitsulo n'chimodzi. Musawalole atulukenso nayo."

Anandipatsa mfutiyo n'kupita. M'maganizo ndinaona bambo atagona chafufumimba pakati pa masofa, jasi ili pamutu, chifukwa cha chidole choopsezera anyani. Madzulo omwewo ndinakaibisa padenga la chimbudzi, pansi pa malata akale.

M'mawa mwake anaifunafuna, osaipeza. Sanakalipe. Anapinda bulangete lawo, n'kulimanga ndi chingwe, n'kukhala pamwamba pake pakhomo atavala jasi. Ndinawapatsa phala, anakana.

"Andilanda chida," anatero. "Ndiye nyumba atilanda liti? Mwana wanga akagona kuti?"

Ndinafotokoza za lamulo, za mapepala a pamashopu, za wapolisi. Ndinapsa mtima, ndinawakalipira kuti pulazi inatha kalekale, mzungu anapita, kapitawo anafa. Ankangogwedeza mutu, maso ali pageti, kudikira thirakitala yodzatitaya kumsewu. Masiku awiri sanalawe kanthu. Kuwabwezera mfuti kunali kuwapereka kwa anthu osabwera pafupi aja, kuwamana kunali kuwapha ndi njala pakhomo panga pomwe.

Tsiku lachitatu ndinabwereka chipewa chachikulu cha eni nyumba ndi ovolosi yawo. Ndinatsitsa mfuti padenga, n'kuipukuta, n'kuzungulira kumsewu kuti ndilowere pageti. Ndinakulitsa mawu monga ankachitira kapitawo.

"Mlonda!"

Anadzambatuka ngati mnyamata.

"Simunachotsedwe ntchito. Mwasinthidwa. Kumunda kwapita wina. Inu muzilondera pano, kuyambira pageti mpaka pampopi. Chida chisatuluke pageti. Mwamva?"

Anailandira ndi manja awiri, n'kugunditsa zidendene za nsapato zawo zong'ambika. "Inde, bwana."

Tsiku limenelo anadya mbale ziwiri. Ine ndinakabisala kuseri kwa nyumba n'kuseka mpaka misozi, ndikudziona wochenjera kuposa Glen View yense. Chimanga cha kudambo chinabedwa sabata isanathe, koma sindinadandaule. Bambo anali moyo, akuyenda kuchokera pageti kukafika pampopi, n'kubwerera, pakati pa mabedi a repu ndi zovala zoyanika. Pageti sanadutsepo ndi tsiku limodzi lomwe.

M'mawa uliwonse ndikamanyamula dengu la tomato ankaima njo patsogolo panga n'kupereka lipoti. Poyamba ndinkavala chipewa chija kuti ndililandire. Kenako ndinaona kuti chipewa sichikufunikanso. Ndingavale duku, ndingavale chitenje chomwe mayi anasiya, iwo ankagunditsa zidendene basi. Ndikawapatsa madzi osamba ankathokoza, maso ali pansi. Ndikakhala pafupi nawo ankasuntha kuti andipatse malo.

Lamulo lija linatha nthawi yake, mapepala a pamashopu anasuluka ndi mvula. Lamlungu lina nditachokera kutchalitchi ndinaphika tiyi, n'kumuthira m'botolo, n'kulikulunga m'nsalu monga kale. Ndinagwada pafupi ndi mpopi pomwe anaima.

"Bambo, ndine. Mwana wanu. Tiyeni kudambo, tikakhale."

Analiyang'ana botololo nthawi yaitali, nkhope yawo n'kuwala. Mtima wanga unadumpha. Kenako anaongoka, n'kukonza lamba wa mfuti.

"Zikomo, bwana. Mwana wanga nayenso amakulunga chonchi. Ali kumunda, amandidikira pachulu. Papita masiku ndisanamuone. Mukadzandipatsa ofu, ndikamuone pang'ono."

Ndinawauza kuti mawa. Anathokoza, n'kubwerera kugeti.