Mphindi Khumi za Tiyi wa Cholpon

Tsiku limene kavalo wake anaphedwa, Cholpon anauzidwa kuti apukute misozi akaphikire tiyi anthu omwe anamuphawo.

Inu amene mwatopa ndi kusekedwa pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'choona, khalani pansi mumve za mayi ameneyu.

Cholpon anali mtengwa m'mudzi wathu kuno kumapiri a Naryn, m'dziko la Kyrgyzstan. Mwamuna wake anafa pa ngozi ya galimoto, n'kumusiyira mwana wamkazi mmodzi ndi tiana ta akavalo tiwiri tamphongo. Asanakwatiwe anaphunzirako za ziweto ku Bishkek, likulu la dziko lathu, koma mayeso omaliza analephera. Zimenezi aliyense ankazidziwa, ndipo amene ankazitchula kwambiri ndi aja sanapondeko m'kalasi.

Chisanu chikatha, ziweto zisanakwere kumapiri kukadya msipu, amuna amasonkhana kuti athene akavalo. Mwini mpeni anali a Toktosun, nkhalamba yotsala ndi mano atatu, enawo anatha ndi ziboda. Ntchito yawo inali zingwe, amuna asanu ndi mmodzi, mpeni ndi chitsulo chamoto. Nyama imalira mpaka maso kutembenuka, amuna n'kumaseka kuti ikuimba nyimbo. Ine zimenezi zimandinyansa mpaka lero. Amuna omwewa dzino likawawawa pang'ono mudzi wonse umadziwa, koma nyama akuti simva kupweteka.

Chaka chimenecho inali nthawi ya kavalo wamkulu mwa awiri aja. Cholpon anachonderera apongozi ake aamuna, a Mamyr, kuti amulole abaye kaye jakisoni wochititsa dzanzi. Anamulola mwachipongwe, kuti anthu apezepo choseka. Atabaya, anawauza kuti adikire mphindi khumi kuti mankhwala agwire.

"Tidikire?" anatero a Toktosun. "Akavalo khumi ndi awiri akundiyembekeza ine. Ngati ndi mankhwala enieni agwire pompano."

Mphindi imodzi isanathe, mpeni unali utalowa. Kavalo anaphupha m'zingwe muja ndi mphamvu zake zonse, ndipo onse anamva fupa la mwendo wakumbuyo likuthyoka. Anamupha pomwepo. Kwathu nyama ya kavalo timadya, koma yake inatayidwa poti inali ndi mankhwala.

Mukuganiza kuti analakwa anali ndani? Amuna asanu ndi mmodzi anagwirizana msangamsanga kuti jakisoni uja ndi amene anafewetsa mafupa.

"Mtengwa iwe, wationongera kavalo ndi nyama yomwe," anatero a Mamyr pamaso pa onse. "Bwerera ku ketulo yako. Ntchito yako ndi tiyi."

Anapita, n'kuwathirira tiyi. Palibe anamuyang'ana kumaso.

M'khola munatsala Kashka, kamwana ka kavalo ka chipumi choyera, kamene mwamuna wake anakabadwitsa ndi manja ake sabata ziwiri asanafe. Chaka chamawa zingwe zomwe zija zinali kudikira iyeyu. Cholpon anali ndi miyezi khumi ndi iwiri basi.

Anayamba kusoka makapeti a ubweya n'kumagulitsa pamsika kuti apeze ya minibasi. Kawiri pa sabata ankapita ku tauni ya Naryn kwa dokotala wina wa ziweto, mayi wachikulire wosaseka, amene anavomera kumuphunzitsa bola azisesa ndi kutsuka zitsulo. Kumeneko anaphunzira zimene anaphonya: kuti kavalo umayamba wamubaya jakisoni womukhazika mtima pansi, kenako wadzanzi, ndipo pambuyo pake wina woletsa ululu wa masiku otsatira. Mayeso analembanso n'kulephera kachiwiri. Analira m'minibasi njira yonse. Patatha mwezi anakalembetsanso, ndipo ulendo wachitatu anakhoza.

M'mudzi palibe mwamuna anamupatsa ngakhale tonde. Amene anamuyesa ndi amayi amasiye anzake, pa tiana tawo ta nkhosa. Tianato tinkati tikathenedwa m'mawa, masana tili pa bere la amayi awo, osati kugona masiku atatu tikunjenjemera ngati kale. Amayi aja anayamba kulankhula pachitsime, ndipo amuna a amayi ena anamva, koma ananamizira kugontha.

Chisanu chinatha. Amuna anabwera ndi zingwe zawo pabwalo la a Mamyr.

Cholpon anaima pakhomo pa khola, nkhope ili pansi monga ayenera mtengwa, koma mapazi osasuntha.

"Bambo, kavaloyu ndi wa mdzukulu wanu. Bambo ake anamusiyira ameneyu yekha. Ndibaya jakisoni."

A Mamyr anayang'ana kamtsikana kaja kali kuseri kwa amayi ake, n'kugwedeza dzanja kuti achite zimene akufuna. Koma a Toktosun analavula pansi n'kunena kuti abaye ngakhale khumi, iwo sadikira munthu.

"Musadikire, agogo," anatero Cholpon mofatsa.

Anabaya woyamba m'khosi. Kavalo atayamba kuzyolika, anabaya wachiwiri. Amuna anayamba kumasula zingwe, a Toktosun akunola mpeni pa nsapato. Pamenepo Cholpon anathamangira m'nyumba, n'kutuluka ndi nsalu yodyerapo, n'kuiyala pakati penipeni pa amunawo ndi kavalo. Anaikapo buledi wotentha amene anali atangophula kumene, batala, ndi ketulo.

Kwathu kuno buledi akaikidwa pamaso pako, sudumpha. Ungakhale pa changu chotani, umasamba m'manja, umakhala pansi, umanyema n'kulawa, ndipo palibe amadzuka mpaka wamkulu atadalitsa nyumbayo. Wamkulu pamenepo anali a Toktosun.

Nkhalamba inayang'ana buledi, inayang'ana mpeni, n'kukhala pansi ikung'ung'udza.

Cholpon anawathirira madzi m'manja mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu, osafulumira. Tiyi ankathira pang'onopang'ono pansi pa kambale, monga timachitira kwa mlendo wolemekezeka, kuti azimwa wotentha n'kumawonjezeredwa. Mlendo sangadandaule kuti akulemekezedwa kwambiri. Wina ananong'ona kuti tiyi wa lero akuyenda ngati ngamila yodwala, anzake n'kuseka. Cholpon ankangosuzumira nthawi pa foni imene anaibisa m'thumba la epuloni.

Mphindi khumi ndi ziwiri zitakwana, anatsitsa ketulo. A Toktosun anakweza manja, anadalitsa, onse anapukuta nkhope n'kudzuka.

Kashka anamugoneka pansi ngati mwana watulo. Amuna anagwira zingwe mano ali gwa, kudikira nkhondo ija anaizolowera. Mpeni unalowa. Kavalo anangogwedeza khutu. Pabwalo panali zii, moti ankamveka ndi agalu a kutsidya kwa mtsinje. Ntchito itatha Cholpon anabaya jakisoni wachitatu, ndipo dzuwa lisanapendeke Kashka anali chiimire akudya udzu m'dzanja la kamtsikana kaja.

A Toktosun anakhala nthawi yaitali akupukuta mpeni woyera kale.

"Watimanga ndi buledi, mwana iwe," anatero. Kenako anagwira pakamwa pawo pa mano atatu paja. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikuuza anthu kuti nyama simva. Chonsecho khutu langa ndi limene linkakhala pafupi kwambiri ndi kulira kwake."

Anayang'ana akavalo ena khumi ndi mmodzi omangidwa kumpanda, n'kufunsa Cholpon osamuyang'ana kumaso: "Ufa wa buledi ulipo wokwanira onsewa?"

Musaganize kuti wina anapepesa za kavalo woyamba uja. Palibe, mpaka lero, ndipo a Mamyr akaledzera amanenabe kuti nzeru ya jakisoni anaivomereza ndi iwo. Zimandipsetsa mtima, koma sizisintha chimene chinachitika. Masiku ano Cholpon amamuitana midzi isanu, ndipo kulikonse mpeni sutuluka m'chimake nsalu ya buledi isanayalidwe. Mwana wake amapita kusukulu atakwera Kashka.

Inu amene anakukankhirani kukhitchini kuti mukhale chete, inu amene mayeso anakukanani kawiri ndipo mudzi wonse ukukumbukira, musataye mtima ngakhale pang'ono. Phunziraninso, lembaninso, imani pakhomo pa khola lanu. Ndipo akakupatsani ketulo kuti akunyozeni nayo, ilandireni ndi manja awiri, muiphikire tiyi wa mphindi khumi.